Batani Limene Linathyola Mwendo wa Ng'ombe

Malume anga akhala ndi tochi imodzi chiyambire ine kuzindikira: yachitsulo, ya mabatire awiri akuluakulu a Tiger Head, galasi lake long'aluka m'mbali. Imadziwa zinthu ziwiri zokha, kuyaka ndi kuzima. Kuwala kwake n'kofiirira ngati kwa koloboyi, ndipo mabatire akayamba kufooka iwo amawayanika padenga la nkhokwe kuti akankhireko masiku ena awiri. Ine tochi imeneyi ndinkainyoza poyera, ana awo akumva.

Kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Domwe, m'boma la Angónia. Chigawo chathu cha Tete ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa, limene magetsi ake amayenda pa mawaya mpaka ku South Africa, koma m'mudzi mwathu waya sanafike. Dzuwa likangolowa, maso a munthu ndi chimene wagwira m'manja. Tochi ndiyo imathamangira kukhola fisi akalira, ndiyo imatsogolera kudimba m'bandakucha, ndiyonso imaperekeza wodwala kuchipatala. Chinthu chimene chinandigwetsa m'tsoka ine chili m'matumba mwa anthu ambiri kuno kumapiri, ndipo eni ake sakuchidziwa.

Kumapeto kwa Juni wa 2022 ndinagulitsa bwino mbatatesi kumalire a Calómuè, kufupi ndi Dedza. Ndalama zili m'thumba, ndinaima pa benchi la mnyamata wina wogulitsa zingwe za foni ndi matochi. Anandionetsa yakuda, yolemera m'dzanja, ya mutu wokankha kutsogolo ndi kumbuyo. Pabokosi panalembedwa kuti imatulutsa malumeni 90,000, ndipo pa batire lake lotchaja panali nambala yakuti 9,900 mAh. Kunali kutayamba kuda. Analoza pamwamba pa mtengo wa bulugamu, masamba onse n'kuyera mbee. Kenako anadina mwachangu, tochi n'kuyamba kung'anima ngati mphezi. "Iyi ndiye disiko, achimwene," anatero. "Wakuba akaiona amagwa yekha." Sindinanenerere mtengo ngakhale pang'ono.

Masabata atatu otsatira ntchito yake inali yodzionetsera. Madzulo ndinkaloza nayo kuphiri, ana n'kumakuwa. Ndinkadziwa kuti ukamadina imasintha kawalidwe, koma sindinakhale pansi n'kuwerenga kuti imasintha kangati, kapena kuti chotsatira chinzake n'chiti. Ikayaka mwina mosandisangalatsa, ndinkangodina mobwereza mpaka itabwerera pa kuwala kwakukulu kuja. Kutchaja ndinkatchaja pa sola ya mnansi wathu, koma m'Julaye dzuwa la kuno limatuluka mochedwa ndipo masiku ena silituluka n'komwe. Batire linkangolawa moto, osakhuta.

Mlongo wanga, Nabanda, anali woyembekezera, mwamuna wake ali ku Joni. Tinapangana kuti sabata yotsatira akakhale kunyumba yodikirira ya kuchipatala, koma mwana sawerenga masabata a akuluakulu. Usiku wina chapakati pa Julaye, cha m'ma 11 koloko, amayi anagogoda pakhomo panga.

"Dzuka, matenda ayamba. Kadzutse malume ako amange ng'ombe."

Kuchipatala chathu chaching'ono ndi mtunda wa makilomita 9, ndipo galimoto usiku kwathu kulibe. Ngolo ya malume ndiyo yakhala ikunyamula odwala a mudzi wonse. Inkakokedwa ndi ng'ombe ziwiri: yakuda, yokalamba pa goli, ndi yofiira, yaing'ono, imene anaiphunzitsa chaka chomwecho.

Ndinayatsa tochi ndikutuluka m'nyumba, pa kuwala kwake konse, ndipo sindinaizimitsenso. Inayaka chomwecho tikutulutsa ng'ombe, tikumanga goli, tikuyala mphasa ndi mabulangete m'ngolo, amayi akufunafuna zitenje ndi beseni. Theka la ola linathera pabwalo, pamalo pamene ndikanayenda ngakhale nditatsinzina. Mutu wa tochi unatentha, ndipo m'chisanu chimene chija ndinkaufumbata kuti ndiothe zala. Sindinadziwe kuti kufunda kumene ndinkakondwera nako kunali batire likupsa.

Malume anafuna kutenga tochi yawo. Ndinawaletsa. "Isiyeni imeneyo, malume, ingokulemetsani. Yangayi ikwanira tonse." Anaiponya pakhonde.

Ine ndinatsogola, malume ali pambali pa ng'ombe ndi chikwapu, amayi ndi Nabanda m'ngolo. Kunali mdima wa ndiweyani. Titangotsikira kudambo, nkhungu inatikuta. Anthu a ku Dedza ndi ku Tsangano akuidziwa nkhungu imene ndikunena, yonyowetsa nsidze, yoti mnzako ali poteropo umangomumva mawu. Ndinakankha mutu wa tochi kuti kuwala kusongoke, poganiza kuti kuboola. Chimene chinaima patsogolo panga chinali mzati woyera, ngati wina wauluza ufa m'mwamba, ndipo kunja kwa mzatiwo kunali bii. Njira yeniyeni, ya pansi pa mapazi, sindinkaiona.

"Mphwanga, watithobwa tonse," anatero malume. "Loza pansi. Ng'ombezi njira zikuidziwa."

"Popanda imeneyi sitiona kanthu, malume."

M'ngolo Nabanda ankabuula, ndipo kubuula kulikonse kunkandikankha kuti ndifulumire. Mantha ndiwo ankagwira tochi, osati ine.

Pafupifupi theka la ulendo pali kamtsinje ka mlatho wa mitengo ya bulugamu yothira dothi pamwamba. M'lifupi mwake ngolo imangokwanira, kutsala dzanja limodzi uku ndi uku. Ng'ombe zitaponda mlatho, malume anakuwa: "Chepetsa moto!" Ndinatembenuka kuti ndiwamve bwino, tochi n'kutembenuka nane. Ndinadina, inazima. Ndinadinanso, inayaka mocheperako. "Chepetsanso!" Ndinazimitsa n'kuyatsa kachiwiri, inayaka pang'ono kwambiri.

Kuwala kumeneko ndiko kunali koyenera usiku umenewo. Lero ndikudziwa. Koma maso anga anali atathobwa kwa ola lathunthu, ndipo kwa ine kunaoneka ngati tochi yafa. Mtima unagunda. Ndinafuna kubwerera msanga pa kuwala kwakukulu, ndipo ndinazimitsa n'kuyatsanso. Chimene chinatuluka chinali disiko ija, ikung'anima m'maso mwa ng'ombe, ine ndili mapazi awiri kuchokera pamphuno zawo.

Yakuda inangoima. Yofiira inadumphira kumbali. Goli linapotoka, tayala lakumanzere linaphonya mlatho, ngolo n'kupendama. Mwendo wakutsogolo wa ng'ombe yofiira unalowa pakati pa mitengo iwiri, ndipo kulemera konse kwa ngolo kunaupinda. Phokoso lake ndimalimvabe. Amayi anam'kumbatira Nabanda kuti asagwere m'madzi, dzanja lawo n'kupanikizika pa thabwa la ngolo.

Ine ndinkangodina. Tochi inayamba kuphethira mwapang'onopang'ono, katatu mwachidule, katatu motalika. Ndinadinanso, kuwala kwakukulu kunabwera, koma sikunathe mphindi ziwiri. Kunafooka, n'kuzimiratu.

Malume anamasula goli ndi manja okha, mumdima, akuinong'oneza ng'ombe yawo ngati mwana. Amayi anatulutsa kafoni kawo ka mabatani n'kuyatsa katochi kake kamene sikaposa chiphaniphani chachikulu. Titakhala mumdimamo kanthawi, zinthu zinayamba kuoneka: gombe la mtsinje, msipu, njira yoyererako pakati pa udzu. Ndi kafoni kameneko ndinathamangira kumudzi wa patsidya kukadzutsa anthu. Amuna anayi anabwera, tinamanga machila a mitengo iwiri ndi bulangete, n'kumunyamula Nabanda makilomita 4 otsalawo. Tinafika cha m'ma 4 koloko. Mwana wamkazi anabadwa kukucha, wamoyo. Amayi anakaikidwa chikhakha ku Vila Ulongwe.

Ng'ombe yofiira inaphedwera pamtsinje pomwepo m'mawa mwake. Nyama ya ng'ombe ya ngozi ilibe mtengo. Anthu anatenga pa ngongole, ena mpaka lero sanabweze. Ng'ombe imodzi sikoka ngolo. Chaka chimenecho manyowa a malume anatsala m'khola, ndipo mbatatesi yawo inapita kumsika pa ngolo yobwereka yolipira. Odwala awiri a m'mudzi mwathu anapita kuchipatala pa njinga m'miyezi imeneyo, atamangidwa ndi chitenje kumsana kwa wopalasa.

Malume sanandikalipire. Patapita masiku atatu anandiitana pakhonde n'kufunsa funso limodzi: "Mphwanga, kodi tochi yako ija imayaka mitundu ingati?" Ndinakhala chete. Masabata atatu ndili nayo, yankho ndinalibe.

Ndinapita nayo ku Vila kwa mnyamata wina wokonza mafoni. Iye mitundu ya kawalidweyi amaitchula kuti magiya, ndipo ine ndinatengera mawu omwewo chifukwa amveka bwino. Anatchaja batire, n'kuyamba kuwerenga pamaso panga: giya yaikulu, yapakati, yaing'ono, disiko imene dzina lake lenileni ndi strobe, ndi ya SOS. Asanu, otsatana mozungulira ngati ng'ombe zopuntha tirigu. Kuti uchoke pa yaing'ono kubwerera pa yaikulu, palibe njira yachidule. Uyenera kudutsa pa disiko ndi pa SOS. Anandionetsanso kuti batani lakumbuyo lili ndi madinidwe awiri: kudina mpaka lilire kuti kha ndiko kuyatsa kapena kuzimitsa, pomwe kuligunda pang'ono tochi ili chiyakire ndiko kusintha giya. Ndipo choipitsitsa pa tochi yangayo n'chakuti ukaizimitsa n'kuiyatsanso, siyambira pamene unaisiya. Imalumphira pa giya yotsatira. Ukaizimitsa ili pa yaing'ono madzulo, usiku ukadzuka kuti uone chimene chikusokosa nkhuku, imakulonjera ndi disiko.

Batire analiika pa kachipangizo koyezera. Lija lolembedwa 9,900 linapezeka kuti silifika ngakhale 1,000. Mabatire a mtundu umenewu amatchedwa 18650 chifukwa cha kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali, ndipo abwino kwambiri a makampani odziwika amasunga moto wa m'dera la 3,500 mAh. Lolembedwa 9,900 ndi bodza loonekeratu, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Malumeni 90,000 aja nawonso ndi bodza. Babu la nyali yakutsogolo ya galimoto, la mawati 55, limatulutsa malumeni pafupifupi 1,500. Kanthu kolowa m'thumba la jekete, kodya batire limodzi, sikangawale ngati magalimoto 30 atayatsa nyali zonse ziwiri.

Masamu a batire ndi a nkhokwe. Tinene kuti muli ndi batire loona la 2,000 mAh. Giya yaikulu ikamakoka 2,000 mA, nkhokwe yatha mu ola limodzi. Giya yaing'ono ikamakoka 100 mA, batire lomwelo likuperekezani maola 20. Langa lija, losafika 1,000, lotchajidwa mwa theka, ndiponso lozizidwa, pakuti chisanu chimafooketsa batire lililonse, n'zodabwitsa kuti linafika pamlatho. Pa giya yaing'ono likanatifikitsa kuchipatala n'kutibwezanso kumudzi. Ngakhale maola amene amalembedwa pa mabokosi a matochi oona muziwamvetsa bwino: muyezo wa ANSI FL1, umene unakhazikitsidwa ku America mu 2009, umawerenga nthawi mpaka kuwala kutatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10 a kuwala koyamba. Ola lomaliza pa nambalayo si lofanana ndi loyamba.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri kumva ndi cha maso, chifukwa chimenechi malume ankachidziwa osaphunzira kusukulu. Diso la munthu limazolowera mdima pang'onopang'ono, ndipo kuti lifike pa kuona bwino usiku pamatenga mphindi 20 mpaka 30. Kuwala kwamphamvu kumafafaniza kuzolowera konseko m'kamphindi. Munthu woyenda ndi tochi yothobwa amaona kachigamba koyera kokha, zonse za m'mbali n'kusanduka khoma lakuda. Woyenda ndi kuwala kochepa amaona njira, ndipo amaonanso mthunzi wa chitsamba, m'mphepete mwa mlatho, ngakhale munthu wobisala patchire. Komanso diso silimva kuwala monga momwe batire limamvera: kuti kuwala kuoneke ngati kwawirikiza kawiri, tochi iyenera kutulutsa pafupifupi kanayi. Mumalipira maola ambiri pogula kuona kochepa.

M'nkhungu ndiye zimanyanya. Nkhungu ndi timadontho ta madzi tolendewera m'mwamba, ndipo kadontho kalikonse kamabweza kuwala. Tochi ikakhala yamphamvu, pafupi ndi nkhope, yoloza kutsogolo, kuwala kobwererako kumalowa m'maso mwanu momwe. Madalaivala a malole a msewu wa Dedza amadziwa kuti m'nkhungu sayatsa nyali zakutali. Woyenda pansi achite chimodzimodzi: giya yaing'ono, tochi m'chiuno kapena kumunsi kwake, mutu wokokera kumbuyo kuti kuwala kutambasuke, kuloza mapazi atatu patsogolo.

Za disiko ija ndili ndi mlandu ndi opanga matochi otchipawa. Kung'anima kotere kuli ndi ntchito yake kwa apolisi, kapena kwa wopalasa njinga pamsewu wa magalimoto amene akufuna kuti amuone. SOS nayo ili ndi mbiri yolemekezeka: ndi chizindikiro cha Morse, katatu mwachidule, katatu motalika, katatu mwachidule, chimene mayiko anagwirizana ku Berlin mu 1906 kuti sitima zapamadzi zizipemphera nacho thandizo. Koma m'dambo la ku Domwe ndani angawerenge zimenezo? Kwathu wogwa m'tsoka amakuwa, ndipo anthu amatuluka. Kuika magiya awiri amenewa panjira imene chala chimadutsa tsiku lililonse kuli ngati kukumba mbuna pakhomo la nyumba. Ndipo makolo adziwe: kuwala kong'anima mwachangu kumatha kugwetsa ena mwa anthu odwala khunyu. Ana athu amasewera nayo disiko imeneyi m'maso mwa anzawo.

Matochi opangidwa mwanzeru alipo. Ena amayambira pa giya yaing'ono nthawi zonse. Ena amakumbukira pamene munawasiya. Ena disiko anaibisa, moti siituluka pokhapokha mutadina kawiri kapena katatu mwadala. Alipo ngati Convoy S2+ amene mwini wake amasankha yekha gulu la magiya mwa magulu 12, ena mwa maguluwo opanda disiko n'komwe, ndipo alipo oyendera pulogalamu yotchedwa Anduril amene ukagwira batani osalisiya kuwala kumakwera kapena kutsika pang'onopang'ono mpaka pamene wafuna. Amenewa pa mabenchi athu saonekaoneka. Amene muli ndi mbale ku Joni kapena ku Maputo, mukamamutuma tochi musamuuze kuti "yowala kwambiri." Muuzeni kuti yokhala ndi giya yaing'ono yeniyeni, yosayambira pa disiko.

Ambirife tipitiriza kugula zomwe zili pamsika, ndipo nazonso zimagwira ntchito zikadziwika khalidwe lake. Pogula, musalole wogulitsa akudinireni; dinani nokha, muwerenge magiya, muzimitse, muwerenge mpaka 10, muyatsenso, muone pamene yayambira. Zina zikakhala kanthawi zili chizimire zimabwerera pa giya yaikulu, zina zimalumpha ngati yanga. Yanga ndinaipezera njira: ndimaizimitsa ili pa yapakati, kuti ikadzayaka iyambire pa yaing'ono. Ndikafuna kusintha giya pafupi ndi ziweto kapena anthu, ndimayamba ndatseka galasi pantchafu, n'kumasuzumira kuwala kotulukira m'mbali mpaka nditapeza giya imene ndikufuna. Chinthu chaching'ono chimenechi, kuphimba galasi, chikanasiya ng'ombe ya malume ili ndi miyendo inayi. Poiika m'thumba ndimamasula chivundikiro chakumbuyo pang'ono kuti isayake yokha, ndipo m'miyezi yozizira batire lapadera limakhala m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi.

Mwana wa Nabanda tsopano amathamanga pabwalo. Dzanja la amayi limawawa Juni aliyense chisanu chikayamba, ndipo mtondo anausiya. Malume anagula kang'ombe kena, ine ndikuwabwezera ndi matumba a mbatatesi nyengo iliyonse yokolola, ngongoleyo sinathe. Tochi yawo yachitsulo ija inabwerera pamsomali wake, ndipo paulendo wa usiku ndimainyamula ndine, yanga ili m'thumba.

Inu amene muli ndi tochi ya magiya m'nyumba, itengeni lero dzuwa lisanalowe, muwerenge magiya ake mokweza. Mukatero muitane mkazi wanu, mwana wanu wamkulu ndi agogo, aliyense adine ndi chala chake mpaka apeze giya yaing'ono popanda kufunsa, chifukwa tsiku la ulendo wa usiku wogona m'ngolo akhoza kukhala inuyo.